Thandizeni: neba akuti akandinenera chifukwa ndikugulitsa zophika pakhomo popanda pepala

Membala wobisika dzina:
Mwaswera bwanji abale ndi alongo m'gulu muno. A admin chonde mundibisire dzina, alamu anga ali momwemuno ndipo akangoona nkhaniyi mawa ikhala itafika kumudzi ku Dowa. Ine ndimakhala ku Area 36, nyumba ya lendi, mpanda umodzi mabanja anayi. Bambo a kunyumba ntchito inawathera ku Kanengo chaka chatha, pano akungoyenda ndi envulopu ya makalata, ndiye ndinati ndisangopinda manja. Ndinatenga ngongole ku banki mkhonde n'kuyamba kabizinesi ka zakudya, ndimapanga ndekha m'khitchini mwanga momwemu. Poyamba ndinkagulitsa kwa amayi anzanga a kumpingo, pano Mulungu wandikomera mtima, makasitomala achuluka mpaka ena akuchokera ku Area 47 ndi ku Area 18.

Vuto ndi mayi wina wa mumpanda momwemu. Tinasemphana kalekale pa nkhani ya chingwe choyanikapo zovala, kenako bilu ya madzi akufuna ine ndizilipira theka ati ndimatsuka ziwiya kwambiri, chonsecho iye ali ndi ana asanu osamba kawiri pa tsiku. Dzulo wandiuza pamaso pa anthu kuti akandinenera kukhonsolo, ati ndilibe pepala, adzandilanda katundu yense n'kunditsekera. Usiku wonse sindinagone. A landilodi nawo anakweza lendi osakonza ngakhale chitseko cha bafa, ndipo ndalama zosamukira ndilibe. Alamu angawo amabwera kudzatenga osalipira, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kodi n'zoona munthu angamangidwe chifukwa chophika pakhomo pake n'kugulitsa? Pepala akunenalo limatengedwa kuti, ndipo ndi ndalama zingati? Ngongole ndikuyenera kubweza pa 30. Chonde musanditukwane, mtima uli kale m'mwamba.

Nangondo wa ku Biwi:
Mukugulitsa chani kodi mayi? Za chingwe tamva, za bafa tamva, za alamu tamva, koma chakudyacho simunachitchule.

Mkulu wa ku Joni:
AMALAWI NSANJE IDZATIMALIZA! Mayi inu musaope chilichonse. Pepala la chani? Ine ndakhala ku Johannesburg zaka zambiri, azimayi a kwathu konkuno amaphika nsima m'mafulati mwawo n'kumagulitsa kwa anyamata Lamulungu lililonse, palibe amawafunsa pepala. Kuno ukangoyamba kudya nyama kawiri pa sabata neba wayamba kale kutsokomola. Pitirizani kuphika. Wofuna pepala akagule kope kugolosale azing'amba yekha.

Anaphiri a Mapemphero:
Mwana wanga, nkhani iyi si ya khonsolo ayi. Munthu woyamba ndi chingwe cha zovala mawa adzakupemphani mchere usiku. Musamupatse mchere, musamupatse moto, ndipo ndalama yake musaiphatikize ndi zinzake. Ine bizinesi yanga ya mandasi ku Mchesi inatha choncho, ndalama zinkangosowa m'kachitini chonsecho ndatseka ndekha. Salani kudya masiku atatu muone.

Ankolo Zigege:
Anaphiri, ndalama za m'kachitinizo munawafunsa bambo a kunyumba? Chitaka china chimavala buluku kkkkk

Anaphiri a Mapemphero:
Ulemu pang'ono achimwene. Malemu amuna anga anali mkulu wa mpingo.

Alangizi Opuma:
Ndinagwira ntchito ya zaumoyo m'madera ndisanapume, ndiloleni ndiyankhe modekha. Kuphika n'kudya ndi banja lanu palibe angakufunseni. Mukangoyamba kulandira ndalama kwa anthu akunja, imeneyo ndi bizinesi, ndipo mumzinda muno bizinesi imafunika layisensi ya khonsolo. Pitani ku Civic Offices ku City Centre mukafunse ku nthambi ya zaumoyo. Pa nkhani ya zakudya amafuna aone malo: madzi mumatunga kuti, chimbudzi chatalikirana bwanji ndi pophikira, zinyalala mumataya pati, posamba m'manja pali sopo kapena ayi, chakudya chikapsa mumavundikira ndi chani. Wophikayo amayenera kukayezedwa kuchipatala n'kukhala ndi satifiketi yosonyeza kuti alibe matenda opatsirana kudzera m'zakudya, monga tayifodi. Satifiketiyo imakhala ndi nthawi yothera, mumakayezetsanso. Za kumangidwa musathamangire kuopa. Munthu wopita yekha kukafunsa ndi wosiyana ndi amene achita kumupeza. Koma yankhani funso la a Nangondo, chifukwa malamulo a mandasi ndi a zinthu za m'botolo si amodzi.

Mkulu wa ku Joni:
Mwaona? Ndi anthu otere amene anasaukitsa dziko lino. Mayi akufuna kudyetsa ana, inu mukufunsa kuti chimbudzi chili pati. Ku Tsoka uko, kudepoti uko, ku Lizulu uko, chiwaya chilichonse chili ndi satifiketi? MUSATINAMIZE APA. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira anakwera, shuga tinkachita kuimira pamzere, ndiye munthu atenge kampamba kake kochepako akagule pepala? Pepala amadya?

Mayi a Tadala ku 25:
Achimwene a ku Joni, nthawi ya kolera munali kuno inu? Kuyambira 2022 mpaka 2023 anthu oposa 1,700 anamwalira m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'sukulu. Ngakhale kampeni ya Tithetse Kolera anakaikhazikitsira ku Mgona konkuno. Ine mng'ono wanga wa ku Mgona komweko tinamunyamula usiku pa kabaza, maso atalowa m'kati, thupi lonse lazizira. Anapulumuka, koma mwana wa neba wake sanabwerere kunyumba. Ineyo ndinali ndi beseni la zitumbuwa pageti la sukulu, ndinasiya miyezi ingapo, ndinalira, koma sindinganyoze anthu a zaumoyo.

Mkulu wa ku Joni:
Pepani za maliro. Koma kolera ndi nkhani ya madzi, osati mandasi. Mafuta owira amapha kachilombo kalikonse, sayansi ya Sitandade 5 imeneyo.

Alangizi Opuma:
Mafuta amapha, n'zoona. Koma dzanja lolandira ndalama n'kupatsira ndasi lija silikazingidwa nawo.

Mphwanga wa ku Kawale:
A Joni, bwanji simukunena kuti ku Joni kwanuko mu 2024, ana atamwalira ku Soweto atadya zogula m'tigolosale, Ramaphosa analamula kuti tigolosale tonse totere, ma spaza, tilembetse pasanathe masiku 21? Kapena nthawi imeneyo n'kuti mutabwera kale pa basi yaulere ija?

Mkulu wa ku Joni:
IWE NDINABWERA NDEKHA NDI TIKITI YANGA. Uli ndi zaka zingati? Ndinkatumiza mafiriji kuno iwe ukuyamwa.

Bambo Mwale Wamkulu:
Ine chikundidabwitsa n'choti pakhomo pali mwamuna, koma wosagona tulo ndi mkazi. Bambowo bwanji osakalankhula ndi mwamuna wa mayi winayo ngati amuna okhaokha? Kale nkhani za mumpanda zinkathera kwa a mfumu a buloko, osati pa Facebook. Masiku ano mabanja alibe chinsinsi.

Nachisale:
A Mwale, mayi afunsa za layisensi, inu mwabweretsa chilangizo cha ukwati. Mwamuna ntchito ikamuthera si mlandu. Anga anakhala chaka osagwira ntchito, ndi amene ankandiperekera ma oda pa njinga ku Capital Hill, lero ndi amene amasunga buku la ndalama. Asisi, za nkhomaliro ya m'maofesi ngati ndi zimenezo, chenjerani ndi ngongole. Anthu a mataye amadya bwino, kulipira ndiye amati dikirani malipiro. Wina anasamutsidwira ku Mzuzu ndi mbale zanga makumi awiri m'mimba.

Mabotolo ndi Malebulo 24/7:
Timagulitsa mabotolo atsopano 250ml, 500ml, zivundikiro zake zomata, komanso timasindikiza malebulo okongola. Tili mu Old Town. Inbox.

Admin:
Malonda ndi Lachisanu lokha. Chenjezo loyamba limenelo.

Membala wobisika dzina:
Zikomo nonse amene mwandilimbitsa mtima. Ndinaiwala kunena kuti mwana wa mayi yemweyo anandiswera ndowa mwezi watha, sanapepese n'komwe. Komanso ndi iyeyo amene anayamba kugula kwa ine pa ngongole, mpaka lero sanalipire. Anaphiri zikomo, mchere anapemphadi sabata yatha.

Anaphiri a Mapemphero:
Ndinanena ine.

Nangondo wa ku Biwi:
Mayi inu. CHAKUDYACHO N'CHANI? Ndafunsa m'mawa, pano dzuwa lapendeka.

Ankolo Zigege:
Mwina ndi chinsinsi cha kampani. Mwina ndi kachasu, tikuvutikira dala apa.

Membala wobisika dzina:
Ayi si kachasu, ndine wa mpingo ine. Ndimayesa ndinanena. Ndimapanga chiponde, ndimaika m'mabotolo. Nyengo yotentha ndimapanganso juwisi wa malambe. Ndiye pali golosale ina ku Area 47 akufuna ndizikasiya mabotolo 40 sabata iliyonse, koma akuti ndiikepo lebulo.

Nangondo wa ku Biwi:
Eee! Ndiye tonse takhala tikukangana za mandasi tsiku lonse.

Mayi Achari wa Mango:
Apa ndiye mwalowa m'munda mwanga. Asisi, chinthu chikangolowa m'botolo, chamatidwa lebulo, chakhala pa shelefu ya golosale, si nkhani ya khonsolo yokha ayi. Pamenepo pamalowa a Malawi Bureau of Standards, a MBS. Likulu lawo lili ku Blantyre koma ofesi ilipo ku Lilongwe konkuno. Pali miyezo yawo, MS 21, imene imanena za ukhondo wa malo opangira zakudya, ndi MS 19, imene imanena zoyenera kulembedwa pa lebulo. Pa lebulo pamafunika dzina la chinthucho, zonse zimene mwathiramo, kulemera kwake, dzina lanu ndi kumene mumapezeka, tsiku lopangira, tsiku lothera ntchito ndi nambala ya bachi, kutanthauza zimene mwapanga ulendo umodzi. Amabwera kudzaona malo, amatenga zina kukaziyeza ku labotale, zikakhoza ndi pamene mumaloledwa kuika chizindikiro cha MS chija. Zonsezi zimalipiridwa, mitengo kafunseni komweko chifukwa imasintha.

Ine ndinayamba chammbuyo. Ndinasindikiza malebulo mazanamazana okongola, chithunzi cha mango chachikulu, dzina la mwana wanga pamwamba, koma popanda tsiku lothera ntchito. Ndinanyamula makatoni pa taxi kupita kusitolo ina yaikulu imene sinditchula. Mnyamata wolandira katundu anangotembenuza botolo kamodzi n'kunena kuti mayi bwererani nazo. Achari ameneyo tinadya pakhomo mpaka ana anayamba kuthawa nsima. Malebulo aja ndinakolezera mbaula.

China, kalembetseni dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, masiku ano zimatheka pa intaneti, kenako TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA. Masitolo akuluakulu sangakulipireni popanda zimenezi. Ndipo chonde musayerekeze kuuza wosindikiza kuti angojambulapo chizindikiro cha MS musanapatsidwe. Alipo amachita, koma umenewo ndiye mlandu weniweni, woposa umene neba wanu akukuopsezani nawo.

Mkulu wa ku Joni:
MBS, MRA, TPIN, MS 19, MS 21, kodi mayiyu akutsegula fakitale ya simenti? CHIPONDE ABALE! Agogo anga ankasinja mumtondo, n'kusunga m'chipanda, anamwalira ali ndi mano onse. Analembetsa kwa ndani?

Mlimi wa ku Mitundu:
Agogo anu ankasinja mtedza wa m'munda mwawo, wouma bwino m'makoko, wosankha ndi manja awo. Mayiwa akugula pamsika. Ine ndimalima CG7 ndi Chalimbana, ndikudziwa zimene zimachitika. Mavenda ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, ena kuti ulemere pa sikelo, kenako amauthira m'thumba usanaume. M'menemo mumamera chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Saoneka, sanunkha nthawi zonse, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, ana amapinimbira. N'chifukwa chake mtedza wathu unavuta kugulitsa kumisika ya ku Ulaya, ndipo ofufuza a ku Chitedze akhala akuiphunzitsa nkhaniyi zaka ndi zaka. Choipa kwambiri n'choti opanga chiponde ena amagula dala mtedza wosweka ndi wonyala chifukwa ndi wotchipa, ati ukagayidwa suoneka. Mayi, gulani wa m'makoko kwa mlimi amene mukumudziwa, muswe nokha, mutaye wonyala, wakuda ndi wofumbwa. Thumba liike pa thandala, lisagunde pansi kapena khoma. Amene amadya chiponde kwambiri ndi ana m'phala, muzikumbukira pamenepo.

Mkulu wa ku Joni:
Ndiye mukufuna kunena kuti ukugulitsa mtedza. Tanena mtengo tione.

Mlimi wa ku Mitundu:
Wanga unatha mu Ogasiti, bwana.

Mayi a Tadala ku 25:
Ine nkhawa yanga ndi juwisiyo. Madzi ake mumawiritsa kapena mumathira klorini? Nanga mabotolo mumatenga kuti? Pali ana amatola mabotolo a madzi kudepoti ndi m'makontena a zinyalala n'kumagulitsa kwa opanga thobwa ndi juwisi. Botolo loti wina analavuliramo, wina anasungiramo palafini. Ine ndinasiya kugula za m'mabotolo otola.

Membala wobisika dzina:
Ndimatsuka ndi sopo ndi madzi otentha. Ena amandisungira alamu anga kuntchito kwawo.

Ankolo Zigege:
Ndiye alamu aja sakudya ulere, ndi ogawana nawo phindu kkkkk

Mayi Achari wa Mango:
Otola iwalani, pa shelefu safika amenewo. Juwisi musiyeni kaye, amavuta, magetsi akathima tsiku limodzi firiji yonse yasasa ndipo mabotolo amafufuma. Limbikirani chiponde chokha. Koma kunena mosabisa, khitchini imene mumaphikiramo nsima ya banja, ana akulowa n'kutuluka, mphaka ali pawindo, n'kovuta kuti ikhoze. Amafuna chipinda chakechake, pansi pa simenti posavuta kukolopa, mawindo a sefa, tebulo losamwa madzi, wopanga atavala epuloni ndi chophimba kumutu. Ine ndinachita kulowa gulu, tilipo azimayi asanu ndi awiri, tinachita lendi kachipinda kamodzi n'kumasinthana masiku. Pitaninso ku SMEDCO, imene kale inkatchedwa SMEDI, amaphunzitsa za mabizinesi ang'onoang'ono.

Nachisale:
Za magulu ine ayi. Tinasonkha ndalama za makina ogayira, msungichuma anapita nazo ku Mchinji ati kumaliro, mpaka lero maliro sanathe.

Mayi Achari wa Mango:
Ndiye munkasungitsa ndalama m'chitenje? Gulu limatsegula akaunti, osayina atatu.

Nachisale:
Awiri enawo anali achemwali ake.

Mphwanga wa ku Kawale:
Poti tikunena za malamulo, majumbo opyapyala aja osafika ma micron 60 ndi oletsedwa. Ngati mumakulungira makasitomala m'timajumbo ta buluu tija dziwani zimenezo.

Mkulu wa ku Joni:
Oletsedwa pa pepala. Pita ku Wakawaka ukawerenge. NDI ZIMENE NDIKUNENA KUYAMBIRA M'MAWA, malamulo a kuno amagwira wosauka yekha. Mayi mverani ine, kasiyeni mabotolo 40 amenewo, lebulo lembani "Chiponde Chokoma" basi, mukalemera mudzalembetsa. Makampani onse akuluakulu anayamba mobisa.

Alangizi Opuma:
Achimwene, tsiku limene mwana wa munthu adzadwale, dzina lidzakhale pa botolo ndi la mayiwa, osati lanu. Mwini golosale adzangoloza chala. Mayi, ndibwereze chifukwa zasokonekera ndi phokoso. Kugulitsa kwa anzanu a kumpingo ndi kukaika pa shelefu ndi miyeso iwiri. Auzeni a golosale akudikireni. Pakali pano kayezetseni kuchipatala, satifiketi imeneyo muikhale nayo m'manja, ndi imene imafulumira. Auzeninso a landilodi nokha asanamve kwa ena, chifukwa oyendera malo akabwera adzalowa mumpanda mwawo.

Bambo Mwale Wamkulu:
Landilodi akamva kuti pali bizinesi akweza lendi kawiri. Ine ndine landilodi, ndikudziwa.

Nangondo wa ku Biwi:
Chitseko cha bafa munakonza, a Mwale?

Bambo Mwale Wamkulu:
Nyumba zanga zili ku Area 49, musandiphatikize.

Membala wobisika dzina:
Mutu wazungulira abale. Ndiye Lolemba ndiyambire kuti, kukhonsolo kapena ku MBS? Nanga mayi uja akandinenera Lolemba lisanafike? Lero wayanika mabulangete chingwe chonse, zovala za ana anga zili m'beseni.

Alangizi Opuma:
Kukhonsolo. Popanda malo ovomerezeka enawo simupita nawo patali.

Mayi Achari wa Mango:
Ine ndikuti ku MBS kaye, kungokafunsa zofunika. Mungalipire layisensi ya malo amene sadzakhoza, ndalama n'kupita pachabe. Kufunsa salipiritsa.

Alangizi Opuma:
Kukhonsolo nakonso kufunsa salipiritsa, mayi.

Anaphiri a Mapemphero:
Musanapite kulikonse mabulangete amenewo musawakhudze.

Mkulu wa ku Joni:
Thiransipoti ya Area 36 kupita mtauni, mtauni kupita City Centre, kubwerera, kuwonjeza tsiku lonse osagaya mtedza. WERENGANI NOKHA. Ine ndanena, amene ali ndi makutu wamva. Ndipo iwe wa ku Kawale, chithunzi cha tikiti ndakutumizira ku inbox, ukachione bwinobwino deti lake.

Mphwanga wa ku Kawale:
Ndachiona. Dzina lili pa tikitiyo si lanu.

Admin:
A Joni ndi a Kawale, kamalizireni ku inbox. Mukapitiriza nditseka ndemanga.

Mabotolo ndi Malebulo 24/7:
Amayi a chiponde, mabotolo a pakamwa papakulu aliponso, 400g. Lachisanu ndidzaika zithunzi.